Mawu akuchokera kuti? Zomwe nyimbo yozungulira omvera ikutiphunzitsa za makutu a ana athu

Tayerekezani kuti mwakhala m'holo momwe azimitsa magetsi onse. Kutsogolo kwaima mayi mmodzi yekha. Palibe kwaya, ng'oma kapena gitala. Mayiyo akukoka liwu limodzi lalitali, ndipo pachinsalu chachikulu kumbuyo kwake kukuoneka kanema wa zilembo za Chiheberi zomwe zikubwera n'kumazimirira. Posakhalitsa liwu lomwe lija mukulimva kumbuyo kwanu. Mukutembenuka, kulibe munthu. Ladutsa kumanzere, lakwera kudenga, kenako lagawikana ndipo mawu anayi akuyankhizana kuchokera m'ngodya zinayi za holoyo, chonsecho woimba uja sadasunthe phazi.

Si zamatsenga. Maikolofoni ikutenga mawu a mayiyo n'kuwapereka ku kompyuta, ndipo kompyuta ikuwagawira masipika omwe aikidwa mozungulira omvera, ena mpaka kudenga. Nyimbo zotere zimaimbidwa m'maholo ndi m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America, ndipo ena mwa ozipeka amatenga maganizo awo m'chiphunzitso chakale cha Ayuda chofufuza zinsinsi za Mulungu ndi chilengedwe, chotchedwa Kabbalah.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya nyimbo zakutali chonchi ikufuna chiyani kwa inu makolo ndi inu mavolontiya a zaumoyo. Nyimbo yonseyi imadalira chinthu chimodzi: kuti womvera ali ndi makutu awiri ogwira ntchito. Mutatseka khutu limodzi ndi chala, liwu lija mungalimvebe, koma mungavutike kuloza komwe lili. Umu ndi momwe ana ambiri akukulira, khutu limodzi likumva ndipo linalo lidasiya kalekale, popanda wina pakhomo wodziwa.

Liwu limodzi ndi mbali zisanu ndi imodzi

Tiyambe ndi komwe oimbawa amatenga maganizo. Pali kabuku kakale ka Chiheberi kotchedwa Sefer Yetzirah, kutanthauza buku la chilengedwe, komwe akatswiri a Chiyuda akhala akukawerenga ndi kukamasulira kwa zaka zoposa 1,000. Kabukuka kamaphunzitsa kuti dziko lidalengedwa kudzera m'manambala 10 ndi zilembo 22 za Chiheberi. Zilembozo kamazigawa potengera malo omwe zimatulukira: pakhosi, kumwamba kwa m'kamwa, palilime, pamano ndi pamilomo. Kamatchulanso mbali zisanu ndi imodzi za dziko: kumwamba, pansi, kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kum'mwera. M'kabuku kamodzi muli kale zinthu ziwiri zomwe wopeka nyimbo yozungulira amazifuna, mawu a m'kamwa mwa munthu ndi mbali zomwe mawuwo angalowere.

Mphunzitsi wina, Abraham Abulafia, yemwe adabadwira mumzinda wa Zaragoza ku Spain mu 1240, adaphunzitsa njira yosinkhasinkha yomwe munthu amakhala payekha m'chipinda, n'kumatchula zilembo za dzina la Mulungu chimodzichimodzi, akukoka mavawelo ndi kusamala kapumidwe kake. Vawelo iliyonse idali ndi mbali yake yoyendetsera mutu: ina m'mwamba, ina pansi, ina cham'mbali, ina kutsogolo. Patapita zaka mazana angapo, m'zaka za m'ma 1700, Ayuda a gulu la Hasidim kum'mawa kwa Ulaya adatchuka ndi nyimbo zomwe zambiri zilibe mawu enieni, zotchedwa nigun, pokhulupirira kuti liwu lokha likhoza kufika pomwe mawu alephera.

Wopeka nyimbo wa lero akawerenga zimenezi amapeza zipangizo zake zonse: munthu mmodzi, mpweya wake, mavawelo, zilembo zoti zioneke pakanema ndi mbali zisanu ndi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo moti woimba ayendetse mutu, makina ndiwo amayendetsa liwu. Richard Teitelbaum wa ku America, yemwe adamwalira mu 2020, ndi mmodzi mwa opeka omwe adalumikiza makompyuta ndi miyambo imeneyi. Iye adapeka sewero loimba lotchedwa Golem, lochokera pa nthano ya Chiyuda ya munthu woumbidwa ndi dongo yemwe adapatsidwa moyo kudzera m'zilembo zopatulika.

Momwe makina adaphunzirira kuyendetsa liwu

Luso logawira mawu m'masipika lili ndi mbiri yakeyake. Mu 1931, katswiri wa zamagetsi wa ku Britain, Alan Blumlein, adalembetsa njira yojambulira mawu m'mizere iwiri, wakumanzere ndi wakumanja, yomwe lero timaitcha sitiriyo.

Mu 1956, mumzinda wa Cologne ku Germany, Karlheinz Stockhausen adatulutsa nyimbo yotchedwa Gesang der Jünglinge, kutanthauza nyimbo ya anyamata. Adajambula patepi mawu a mnyamata mmodzi wa zaka 12, Josef Protschka, akuimba matamando a anyamata atatu aja a m'buku la Danieli omwe adaponyedwa m'ng'anjo yamoto. Mawuwo adawadula, kuwachulukitsa ndi kuwasakaniza ndi maphokoso opangidwa ndi magetsi, ndipo adawakonza kuti azituluka m'magulu asanu a masipika. Stockhausen adali Mkatolika ndipo nyimboyi sidachokere mu Kabbalah, koma idaonetsa opeka ena kuti liwu la munthu mmodzi likhoza kudzaza holo kuchokera mbali zosiyanasiyana.

Patatha zaka ziwiri, pachionetsero chachikulu cha dziko lonse mumzinda wa Brussels mu 1958, Edgard Varèse adaimbitsa nyimbo ya mphindi zisanu ndi zitatu yotchedwa Poème électronique m'nyumba yomwe makoma ake adali ndi masipika mazana angapo, uku zithunzi zikuonetsedwa pamakomapo. Apa mawu oyenda ndi zithunzi zidakumana.

Chinsinsi cha makinawa n'chosavuta. Liwu limodzi likatuluka m'masipika awiri mofanana, womvera amalimva ngati lili pakati, pomwe palibe sipika. Mukakweza sipika yakumanja pang'onopang'ono n'kumatsitsa yakumanzere, liwu limayenda kupita kumanja. Mukalichepetsa mphamvu n'kuonjezera kubwerezabwereza kwake ngati m'tchalitchi chopanda anthu, limamveka ngati lapita kutali. Makina sasuntha chilichonse. Amangopatsa makutu zizindikiro zomwe ubongo udazolowera kuwerenga.

Masamu omwe ubongo umachita osakuuzani

Zizindikirozo ndi zitatu. Choyamba ndi nthawi. Mawu amayenda mumpweya paliwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Munthu akakuitanani ali kumanja kwanu, mawu amafika kukhutu lakumanja kaye, kenako amazungulira mutu kukafika kulamanzere. Kuchedwako n'kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,500 a sekondi. Koma m'munsi mwa ubongo muli timagulu ta mitsempha tomwe ntchito yake n'kuyerekeza zomwe makutu awiri atumiza, ndipo timatha kuzindikira kusiyana kochepa kwambiri kuposa pamenepa.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mawu. Mutu wanu umatchinga mawu monga momwe mtengo umatchingira dzuwa, kotero khutu lakutali limalandira mawu ofookerapo. Izi zimachitika kwambiri ndi mawu ang'onoang'ono okwera, monga kulira kwa mwanapiye kapena belu la njinga. Mawu aakulu otsika, monga kugunda kwa ng'oma yaikulu, amazungulira mutu mosavuta, ndipo pa amenewa ubongo umadalira nthawi. Katswiri wa sayansi wa ku Britain, Lord Rayleigh, adalongosola njira ziwirizi mu 1907.

Chachitatu ndi mapindipindi a khutu lakunja. Timizere ndi timaenje tomwe mumationa pakhutu timasintha mawu pang'ono malinga ndi komwe achokera, ndipo ndi tomwe timathandiza kusiyanitsa zam'mwamba ndi zapansi, zakutsogolo ndi zakumbuyo. Pomwe ubongo ukukayika, munthu amapendeketsa kapena kutembenuza mutu osaganizira n'komwe, ndipo kusuntha kumeneko kumathetsa chikayikocho.

Makutu awiri ali ndi ntchito inanso yomwe ndi yofunika kwambiri kwa mwana wasukulu. Pamsika kapena pamaliro, pomwe anthu ambiri akuyankhula nthawi imodzi, mumatha kusankha liwu la munthu mmodzi n'kulitsatira. Katswiri wina, Colin Cherry, adafufuza zimenezi mu 1953. China chomwe chimathandiza n'chakuti ubongo umadziwa kuti liwu ili lili apa, phokoso lija lili uko, ndiye umazilekanitsa. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Khutu limodzi limamva ndithu, koma kulekanitsa mawu ndi phokoso ndi ntchito ya awiri.

Maso amathandiza, komanso amabisa vuto

Nanga kanema uja m'holo muja ndi wachiyani? Opeka nyimbo amadziwa kuti maso amakoka makutu. Mukamaonera filimu, mumamva ngati mawu akutuluka pakamwa pa wosewera, pomwe sipika ili pambali. Mu 1976, Harry McGurk ndi John MacDonald adaonetsa kuti munthu akamamva "ba" uku akuona milomo ikunena "ga", nthawi zambiri amalumbira kuti wamva "da". Ubongo umasakaniza zomwe maso ndi makutu abweretsa n'kupanga chinthu chimodzi.

Kwa woimba ili ndi luso losangalatsa. Kwa ife a kuchipatala ndi chenjezo. Mwana yemwe sakumva bwino amaphunzira kuwerenga nkhope ndi milomo popanda womuphunzitsa. Mukamuyankhula mukuyang'anizana naye, amayankha bwinobwino, ndipo inu mumatsimikiza kuti makutu ake alibe vuto.

"Amamva, koma ndi mwano"

Tsiku lina mayi wina adabwera kuchipatala ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu yemwe adasupuka bondo ndi chigongono atawombedwa ndi njinga ya kabaza. Wakabazayo adati adaimba belu kangapo, koma mwanayo adathawira mbali yomwe njinga imachokera. Ndikutsuka zilondazo ndidaona thonje lodetsedwa m'khutu lake lakumanzere.

"Mayi, khutuli layamba liti kutuluka mafinya?"

"Ndi kale, adokotala. Kuyambira ali ndi zaka zitatu. Limasiya, kenako limayambiranso."

"Nanga amamva bwino?"

"Amamva ameneyu, koma ndi mwano. Ukamuitana amayang'ana kwina. Ngakhale aphunzitsi ake atopa naye."

Ndidamuyang'ana m'khutu ndi tochi yoyezera makutu ndipo ndidapeza kuti nembanemba ya m'kati, yomwe ena amaitcha ng'oma ya khutu, idali ndi bowo lalikulu. Ndidaima kumbuyo kwake, ndidatseka khutu lakumanja, n'kunong'oneza manambala kulamanzere. Sadabwereze ngakhale imodzi. Titasinthanitsa, adabwereza onse. Mayi aja adagwira pakamwa. Adandiuza motsitsa mawu kuti mwanayo adamenyedwapo kangapo kaamba kosayankha.

Mnyamatayo sadali wamwano. Akaitanidwa ankamva dzina lake, koma sankadziwa komwe woitanayo ali, ndiye ankayang'ana kolakwika. Belu la njinga adalimva, koma mbali yake adangoganizira. M'kalasi ya ana ambiri, mawu a aphunzitsi ankasakanikirana ndi phokoso la anzake. Tidamupatsa mankhwala odonthezera ndipo tidamutumiza kwa akatswiri a makutu. Sindingaiwale kuti zaka zisanu zidadutsa aliyense akuona mafinyawo ngati chinthu wamba cha ubwana.

Zomwe zimapha khutu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi magawo 60 mwa 100 a vuto la kusamva mwa ana amachokera ku zinthu zomwe zikadapewedwa. Chofala kwambiri ndi matenda a m'kati mwa khutu omwe amatulutsa mafinya kwa nthawi yaitali. Matsagwidi amatha kugonthetsa khutu, ndipo kawirikawiri limakhala limodzi. Chikuku ndi matenda oumitsa khosi nazonso zimaononga makutu, chimodzimodzi rubella ikagwira mayi woyembekezera. Mwana wobadwa masiku asanakwane, wobanika pobadwa kapena wodwala chikasu chachikulu m'masiku oyamba ayenera kuyang'aniridwa mwapadera.

Mbama ya pakhutu imatha kuphulitsa nembanemba ija. Machesi, nthenga ya nkhuku ndi timitengo tothonje zimakankhira phula m'kati ndipo zikhoza kuboola khutu. Mankhwala ena amphamvu, monga jakisoni wa gentamicin, amatha kuvulaza makutu akapitirira muyeso. Musawakane, chifukwa amapulumutsa moyo, koma aperekedwe ndi achipatala molingana ndi sikelo ya mwana, ndipo mukaona kuti mwana sakumva bwino atalandira mankhwala, kanenani msanga.

Palinso phokoso. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kooneka ngati chigoba cha nkhono, momwe muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000. Timeneti ndi tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. WHO imalangiza kuti wamkulu asamvere mawu opitirira madesibelo 80 kwa maola oposa 40 pa sabata, ndipo kwa ana malire ndi madesibelo 75. Muyeso wapakhomo ndi uwu: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu yemwe ali pafupi nanu akumveni, phokosolo lakula. Khanda lisakhale pafupi ndi masipika paukwati kapena pamsonkhano, ndipo wachinyamata wa mahedifoni atsitse voliyumu.

Yesani pakhomo

Yambani ndi inu nomwe. Khalani pampando, tsinzinani, ndipo wina agwedeze makiyi kapena bokosi la machesi mbali zosiyanasiyana, inu muziloza. Kenako tsekani khutu limodzi ndi chala n'kubwereza. Mudzaona nokha momwe kuloza kumavutira.

Khanda la miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi liyenera kutembenuzira mutu komwe kwamveka mawu. Likhale pamiyendo ya amayi ake, wina alikope maso kutsogolo, inu muime kumbuyo cham'mbali komwe silikukuonani, n'kugwedeza kanthu mofatsa. Yesani mbali zonse ziwiri, ndipo samalani kuti lisaone chithunzithunzi chanu.

Mwana wamkulupo, yemwe amatha kubwereza mawu, imani kumbuyo kwake pamtunda wa mkono umodzi. Tsekani khutu lina podina kachikopa ka pakhomo pa khutu n'kumakasisita pang'ono. Tulutsani mpweya kaye, kenako nong'onezani manambala kapena mayina a zinthu, iye azibwereza. Sinthani khutu. Kuyesa uku sikulowa m'malo mwa makina a kuchipatala, koma kukaonetsa kusiyana pakati pa makutu awiriwo, pitani naye.

Inu mavolontiya, poyendera mabanja musangofunsa kuti "kodi mwanayu amamva?" Pafupifupi kholo lililonse lidzati inde. Funsani kuti: akaitanidwa amayang'ana kolondola? Amatembenuza khutu limodzi lomwelomwelo pomvetsera? Amamva bwino m'nyumba koma n'kumasokonezeka pagulu? Khutu lidatulukapo mafinya? Onaninso m'buku la kusikelo ngati adalandira akatemera onse, kuphatikizapo wa chikuku ndi rubella.

Mukapeza vuto

Khutu lopweteka kapena lotuluka mafinya lionedwe kuchipatala. Mafinya akatha masiku 14 kapena kuposerapo, matendawo akhazikika ndipo amafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Potani kansalu kofewa koyera, kalowetseni pang'ono m'khutu kuti kamwe mafinya, kachotseni n'kuika kena mpaka khutu liume. Chitani izi katatu patsiku, kenako donthezani mankhwala omwe achipatala akupatsani. Musathiremo mafuta, madzi a masamba kapena china chilichonse, ndipo madzi asalowemo posamba kapena kumtsinje.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati kuseri kwa khutu kwatupa ndipo kukupweteka, ngati mwana wa khutu la mafinya watentha thupi kwambiri, akumva mutu, wauma khosi kapena akukomoka, komanso ngati munthu aliyense wagontha khutu limodzi mwadzidzidzi. Mwana yemwe wachira matenda oumitsa khosi ayezedwe makutu ngakhale akuoneka bwino. Achipatala cha kwanuko akhoza kukutumizani kwa akatswiri a makutu, monga omwe ali pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ngati khutu lina lagonthadi, mwana akhoza kuphunzira ndi kukula bwino malinga akuluakulu adziwe. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake kuti azikhala kutsogolo, khutu lakumva litaloza kwa aphunzitsi osati kukhoma kapena kuzenera. Pomuyankhula, yambani mwamutchula dzina kapena kumugwira paphewa, ndipo muime mbali yomwe amamvera. Pamsewu muphunzitseni kudalira maso, kuyang'ana mbali zonse kawiri ndi kuyenda moyang'anizana ndi magalimoto. Khutu lotsalalo litetezeni ngati dzira.

M'holo muja, omvera amalipira ndalama kuti kwa ola limodzi asadziwe komwe liwu likuchokera, ndipo magetsi akayaka amatuluka n'kuwoloka msewu bwinobwino. Mwana wa khutu limodzi alibe nthawi yotulukira. Madzulo ano, nsima ikali pamoto, muitaneni mwana wanu muli kumbuyo kwake, kamodzi kumanzere, kamodzi kumanja, muone komwe atembenukire.